Nyundo za Dorando Pivetti

Dorando Pivetti anabadwira kunja kwa mzinda wa Modena, m'nyumba momwe nyundo inkayamba kulira kukangocha. Bambo ake ankasula miphika yamkuwa, ikuluikulu yophikira tchizi ndi ing'onoing'ono ya kukhitchini, ndipo iye anadziwa kupinda chitsulo asanadziwe kulemba dzina lake bwinobwino. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha anthu anayamba kugula miphika ya m'sitolo, ntchito ya bambo ake n'kuzilala. Dorando anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene anakulunga nyundo zake zisanu m'chiguduli, kuzimangirira pa njinga, n'kupita kukafunsa ntchito pamalo ena pomwe ankasula matupi a magalimoto ampikisano.

Kapitawo wa pamalopo sanachulutse mafunso. Anam'patsa lata la aluminiyamu, n'kumulozera chitsa cha mtengo chomwe chinali pakona, chokumbika pakati ngati mtondo, kuti asulirepo mphuno ya galimoto. Dorando anali asanakhudzepo galimoto ya mtundu umenewo. Anangosula momwe ankadziwira. Dzuwa litapendeka kapitawo anachitembenuzatembenuza chinthucho m'manja, nati chikuoneka ngati mphika ndithu, koma mphika woti utha kuthamanga. Mawa lake Dorando anayamba ntchito.

Masiku amenewo fakitale yaikulu inkapanga injini ndi mafupa a galimoto, n'kutumiza kwa amisiri kuti aiveke. Zojambula zinali zochepa. Amisiriwo ankapinda mawaya opyapyala pamwamba pa mafupawo mpaka galimoto ioneke ngati chikwere cha mbalame, kenako aliyense n'kutenga mbali yake. Dorando ankapatsidwa kumanzere. Kumanja kunali kwa Zeno Gibertoni, munthu wamtima wapachala, yemwe ankamenya lata ngati lamulakwira.

M'nyengo yozizira nkhungu ya m'chigwa inkaphimba chilichonse, ndipo Dorando ankapalasa njinga m'mawa osaona ngakhale gudumu lakutsogolo. Ankaikonda nthawi imeneyo. M'nkhungumo munkatuluka zinthu pang'onopang'ono: msana wa ng'ombe, denga la tchalitchi, phewa la mayi wonyamula mkaka. Ankafika nazo kuntchito zikadali m'maso, ndipo zina zinkalowa m'lata osadziwa iye mwini. Akamaliza kusula ankatsinzina n'kuyendetsa chikhatho pachitsulocho kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ankati maso amanamizidwa ndi kuwala, koma dzanja silinamizidwa.

Anakwatira Iride, mtsikana yemwe ankakulunga ma tortellini, tizakudya ta ufa wa tirigu toika nyama m'kati, pa lesitilanti ina ya pafupi ndi msika. Iride ankauza anzake kuti tsiku loyamba kuvina naye, mnyamatayo anamusisita tsaya atatsinzina, ngati akufufuza pamene papindika.

Magalimoto ankachoka kuntchito kuja atapakidwa penti yofiira, ulendo wa ku Sicily, ku France, ena mpaka ku Argentina. Dorando sanapiteko konse kumeneko, ndiponso sanaphunzire kuyendetsa galimoto moyo wake wonse. Kamodzi kokha anakaima m'mbali mwa msewu pamodzi ndi khamu la anthu kuonerera mpikisano. Anangoona kufiira kukudutsa, mphepo n'kum'chotsa chipewa, osadziwa ngati yadutsayo inali yake kapena ayi. Ena mwa magalimotowo ankabwerako atafwanyika ngati pepala. Nthawi zina dalaivala sankabwerako. Masiku otero ngakhale Zeno ankamenya lata mofatsa, ndipo palibe ankaimba mluzu.

Pofika zaka makumi asanu makutu a Dorando anali atayamba kugontha. Choyamba kusowa chinali kulira kwa mbalame, kenako belu la njinga, kenako mawu a Iride akamalankhulira kuchipinda china. Iye sanadandaule kwenikweni. Dziko linangokhala ngati lalowa m'nkhungu ija, n'kukhala momwemo. Kenako kunabwera makina akuluakulu odinda chitseko chathunthu kamodzi n'kamodzi, amisiri a nyundo n'kuyamba kuchepa. Zeno anamwalira. Dorando anapuma ntchito, n'kumasamalira mphesa kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina m'chaka cha 1998, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, panyumbapo panafika mayi wina wovala ovolosi, dzina lake Graziella Malagoli. Anali ndi galaja yokonza magalimoto akalekale. Anafotokoza mokweza, Iride akubwerezera pakhutu la mwamuna wake, kuti kwabwera galimoto yomwe inapezeka m'khola la nkhuku ku Argentina. Mwini wake akufuna ibwerere mwakale, koma madigadi ya kutsogolo kumanzere kulibe, ndipo chojambula chake palibe amene ali nacho.

Dorando anakana. Anati manja ake tsopano amadziwa mphesa basi.

“Pita ukangoiona, gonthi iwe,” anatero Iride. “Mphesazo zikula bwino ukasiya kuziyang'anitsitsa.”

Dorando anapita, n'kuipeza galimotoyo ili pakati pa galaja, penti itasuluka, nthenga zikadali pansi pa mipando. Anaizungulira kamodzi, manja ali kumbuyo. Kenako anagwada movutikira pa gudumu lakumbuyo kumanzere, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa lata, komwe penti sifika. Anatsinzina nthawi yaitali, mpaka Graziella anayamba kuda nkhawa kuti mwina mkuluyo sakupeza bwino.

“Iyi ndinasula ndine,” anatero potsiriza. “Ndinali nditathyoka chala ichi. Gwirani apa, mayi. Mukumva kuti nyundo imagwa mopepuka?”

Graziella anagwira, koma sanamve kanthu. Anangogwedeza mutu.

Ntchitoyo inatenga miyezi itatu. Anam'pezera chitsa, iye n'kubwera ndi nyundo zake. Ankasula m'mawa mokha, chifukwa ikamakwana masana phewa linkakana. Nthawi zina ankaima pakati pa ntchito, nyundo ili m'mwamba, maso ali kutali, ngati akudikira kuti wina amalize kulankhula. Sankamva kulira kwa chitsulo, koma ankati chimamuyankha m'chigongono.

Madigadiyo itatha, Graziella anatenga tepi yoyezera. Anali atayeza kale mbali ya kumanja, ndipo anapeza kuti ya Dorando yatukuka kuposa inzake ndi chala chathunthu. Anayeza kachiwiri, kachitatu. Kenako anamulembera papepala, mwaulemu, kuti mwini galimoto adzafuna mbali zonse zifanane.

Dorando anawerenga, n'kuseka. “Kumanjako ndi kwa Zeno. Munthu uja ankafulumira, amafuna akamwe vinyo. Mbali zathu sizinafananepo ngakhale tsiku limodzi. Inuyo nkhope yanu mbali ziwirizi n'zofanana?”

Graziella anakhala masiku awiri osadziwa chochita. Tsiku lachitatu anati ayese kaye kuikapo boneti yakale, yomwe inabwera pamodzi ndi galimotoyo. Anainyamula anthu awiri n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Inakhala pamzere wa madigadi ya Dorando ngati sizinasiyanepo, osasiya mpata ngakhale wolowa pepala. Graziella anapinda tepi yake n'kuika m'thumba. Za kuyeza sanazitchulenso.

Galimotoyo inatha m'mwezi wa May. Isanatumizidwe, Graziella anati aiyese pamsewu wopita kumapiri, ndipo anapempha kuti bambo Pivetti akhale pambali pake. Dorando anavala suti yake ya kutchalitchi. Iride anam'manga mpango m'khosi, n'kumuuza kuti akachita mantha asachite manyazi kukuwa, poti iye mwini sadzimva.

Unali m'mawa wowala. Tirigu anali asanache, minda yonse ili biriwiri. Atatuluka mumzinda Graziella anaponda mafuta, galimoto n'kulira mpaka agalu a m'mafamu kuthamangira kumpanda. Mitengo ya m'mbali mwa msewu inasanduka mzere umodzi. Graziella yemwe anali asanathamangepo chonchi. Msewu utawongoka anacheuka kuti aone nkhope ya mkuluyo.

Dorando anali m'tulo. Mutu unali utatsamira kumbali, pakamwa patatseguka pang'ono, dzanja limodzi lili pachitseko. Graziella anachita mantha, n'kuchepetsa liwiro mpaka anaona chifuwa chikukwera ndi kutsika. Mkuluyo ankamwetulira.

Sanafune kumudzutsa. Anatembenuza galimoto pa kamudzi kena, n'kubwerera mwapang'onopang'ono ngati wanyamula mazira. Chapakati panjira thirakitala yokoka udzu inawapitirira, mlimi wake n'kuwerama kufunsa ngati akufuna awakoke.

Dorando anadzuka galimoto itaima pakhomo pake. Iride anafunsa momwe ulendo unalili, Graziella n'kuulula zonse. Iride anaseka mpaka kukhala pansi pa masitepe. Anati anthu amachoka kutsidya la nyanja kudzangoigwira galimoto yotere, koma wake uyu waisandutsa bedi.

Galimotoyo inakwera sitima yapamadzi mwezi wotsatira, kubwerera ku Argentina. Dorando anakhalanso zaka zinayi, ndipo anamwalira ali kunyumba kwake, Iride ali pambali. Nthawi ina mkuluyo asanamwalire, Graziella anabwera kudzacheza, n'kumulembera papepala funso lomwe linkamuvuta: kodi tsiku lija ankalota chiyani?

Mkuluyo anaganiza kaye, akuzunguza tambula ya vinyo patebulo. Anati sakukumbuka zonse. Kunali tirigu paliponse mpaka kumapiri, ndipo iye ankayenda pamwamba pake wopanda nsapato, ngala osapindika ngakhale imodzi.