Nyuzipepala pa mphasa ya mlandu

Lachitatu lapitali ndinaona zimene sindinazionepo chibadwire: nyuzipepala itakhala pa mphasa ya oimbidwa mlandu, ataitsindika ndi mwala kuti mphepo isaiulutse. Musaseke msanga, abale anga. Inenso ndinapita kukaseka, koma ndinabwerako ndikunyadira kwathu.

Nyuzipepalayo ndi ya Chipwitikizi, yochokera kunyanja yamchere. Inalemba kuti asodzi a kuno ku Kobwe timapha nsomba ndi katupe, ndipo amene akudya usipa wathu kumapiri akutsegula m'mimba. Wolembayo kuno sanapondeko. Katupe amathira m'zithaphwi za mumtsinje. Nanga nyanja yonseyi munthu angaithire wochuluka bwanji? Koma akuluakulu a Kampani yolamulira dziko lino atawerenga, anaika lamulo loti nsomba zouma za gombe lino zisakwerenso kumtunda.

Amene lawapweteka koposa ndi Amayi Asiyatu, amasiye a kuseri kwa mzikiti. Ana awo anayi awalera ndi usipa: amayanika, n'kukasinthanitsa ndi chimanga cha anthu a kumapiri. Chaka chino madengu angoti mbwee m'nyumba, nkhokwe ili pululu, mvula ili pafupi, ndipo nsomba zayamba kufumbwa.

Anapita kwa a Barnaba, mkulu wa asodzi amene amatsogolera milandu pansi pa mkuyu.

"Mlanduwu mukuimba ndani, Amayi?" anafunsa a Barnaba.

"Amene wandinamizira."

"Nanga ali kuti?"

"Mawu ake afika kuno, bambo. Ngati mwini wake walephera, akhale pa mphasa ndi mawuwo."

A Barnaba anatuma munthu kwa a Juwawo, womasulira wa ku posito, ofesi ya Apwitikizi otilamulira, kuti abwere nalo pepalalo. A Juwawo anafika akuseka. "Akuluakulu, jornale, nyuzipepala iyi, silowa m'bwalo. Ndipo opanga lamulo ndiwo eni mabwalo onse. Muwaitana bwanji?"

A Barnaba sanatsutsane nawo. Anaimirira, anaitana wolemba, anadikira. Anaitana opanga lamulo, anadikiranso. Kunali zii. Kenako anawerama nafunsa pepalalo funso limene timafunsa aliyense wobwera ndi nkhani ya mnzake: "Unaona ndi maso ako, kapena unangomva?" Bwalo lonse, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, linagwirizana kuti olakwa ndi awo amene sanabwere.

Kodi zinali zachibwana? Ine ndikuti ayi. Kwathu kuno ukanamizira mnzako kuti ndi wakuba, umayenda khomo ndi khomo kubweza mawu ako ndi pakamwa pako pomwe, nkhuku ya chipepeso ili m'manja. Ukaletsa anzako kuponya khoka pamalo pena popanda chifukwa, umafotokoza pamaso pa anthu. Palibe amene amakula mpaka mphasa n'kumuchepera.

Tsono bodza la pakamwa limafika kudoko n'kuthera pomwepo. Bodza losindikizidwa limakwera sitima, limalowa m'maofesi, limabereka lamulo. Zingatheke bwanji kuti wonamizira munthu mmodzi alipe nkhuku, koma wonamizira gombe lonse agone tulo?

Wina anena kuti, "Aphunzitsi, inunso mumalemba sabata ndi sabata. Olemba akamaopa milandu, adzanena ndani za mbalamatodya, ndodo yaphanthiphanthi ija imene ikutupitsa manja a anthu ku posito?" Funso labwino, ndipo landisowetsa mtendere. Koma bwalo lathu sililanga munthu chifukwa wanena zowawa. Limangofuna kudziwa ngati anaona. Za manja otupawo ndinaona, ndipo mphasa sindikuiopa. Nyumba yanga mukuidziwa nonse, ili pafupi ndi sukulu. Ndikanama, bwerani.

Opanga malamulo nawonso asatiuze kuti iwo ndi mvula, yongogwa popanda woifunsa. Ndi anthu, ali ndi makutu ndi miyendo. Akadatuma munthu mmodzi yekha kudzaona, bwenzi Amayi Asiyatu ali panjira ndi madengu awo.

Chimene chinandinyaditsa koposa chinachitika m'mawa mwake. Amayi a gombe lonse anasenza usipa mpaka pabwalo la posito, anasonkha moto, anaotcha, nayamba kudya pamodzi ndi ana awo, Shefi, bwana wa positoyo, akuonerera pakhonde. Panalibe wotukwana kapena wogenda. Amayi Asiyatu anaika nsomba pa tsamba, napereka ndi manja awiri kwa a Juwawo.

"Auzeni bwana kuti tikhala pompano mpaka dzuwa lipendeke. Akaona wina wagwira pamimba, ndiye kuti jornale yanena zoona."

Sipayi, msilikali wa pa posito amene anatumidwa kudzatithamangitsa, anapempha pang'ono, nakadyera kuseri kwa mtengo wa mbendera. Dzuwa linapendeka, wodwala panalibe.

Shefi anayankha kuti lamulo silinachokere kwa iye, linachokera kutali, ndipo iye sangalifafanize. Wa pafupi akuti alibe mphamvu, wamphamvu ali kosafikika. Akulu amati mlandu suola, ndipo ndi zoona, koma usipa sudikira.

Pobwerera, Amayi Asiyatu anandiimitsa panjira. "Aphunzitsi, lembani kuti tinawaitana mwaulemu, iwo sanabwere. Ana athu adzadziwe kuti ife sitinangokhala chete."

Ndalemba, Amayi.

Dzulo ndinawapeza akukwirira usipa wa m'dengu loyamba kuseri kwa nyumba, wonse utasanduka fumbi. Sanalire. Anagwedeza dengulo, nabwerera kukayanikanso usipa wotsalawo.

Inu amene munalemba, ndi inu amene munasindikiza chidindo pa lamuloli, mayi uyu wachita zonse zimene munthu wolemekezeka angachite. Njala ikafika pakhomo pake mwezi wa Januwale, ana akewo akagogode pakhomo la ndani?