Makiyi a Akabawi

Abale anga atagwirizana kuti bambo asiye kukwera njinga yawo yamoto, onse anatembenukira kwa ine. Achimwene, mwamuna wandevu zake, anayamba kuyang'ana kudenga ngati kukudontha. Amayi anangoti, "Pita iweyo, amakumvera," chonsecho pa zaka zanga makumi anayi sindikumbukira tsiku limene bambo anandimverapo. Koma nkhaniyo sinali yamasewera. Maso awo anali atachita chifunga, ndipo sabata yomweyo anali atagunda wilibala ya wogulitsa makala, n'kutsika kukaipepesa poyesa ndi mayi wowerama. Ndinatumidwa kukalanda makiyi asanadziphe kapena kupha mwana wa eni.

Tsono kukalanda chinthu kwa bambo anga kuli ngati kukaphunzitsa telala kusoka. Anaphunzitsa Chingerezi kusekondale zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo onse amene anadutsa m'manja mwawo amawadziwa ndi dzina limodzi: Akabawi. Dzinali linachokera pa phunziro limodzi lokha, la mawu a Chingerezi onena za kulanda. Bambo ankati eni chinenerocho ali ndi mawu ambirimbiri a ntchito imeneyi, ndipo iwo sankadabwa nazo. Ankatinso mawu otere salowa m'mutu powalemba pabolodi, amalowa munthu zikamuchitikira.

Ankalowa m'kalasi mwakachetechete, manja kumbuyo, choko pakhutu. Akuyenda pakati pa madesiki, mwadzidzidzi tsompho! cholembera cha mtsikana wakutsogolo chapita. "Snatch!" ankakuwa. "Wamva mmene mtima wako wadumphira? Mawu ake ndi amenewo." Akafika pa "confiscate" ankavala jekete, kumanga mabatani onse, kutsokomola kawiri, kenako n'kutenga chipeso cha mwana wina mwaulemu kwambiri uku akumuwerengera lamulo limene waphwanya. "Uku ndi kulanda komanga tayi," ankatero. Koma limene ana ankalidikira chaka chonse linali "usurp". Tsiku limenelo ankatenga kalasi yonse kupita ku ofesi ya ahedi, eni ake ali kokamwa tiyi, iwo n'kukhala phwii pampando wawo n'kuyamba kulamula kuti belu liimbidwe. Ahediwo anafika pozolowera. Ankangoima pakhomo ndi kapu m'manja n'kufunsa, "Mwamaliza, kapena ndibwerenso?"

Chaka china kunabwera woyendera sukulu, n'kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi fayilo yake. Bambo phunziro litawakomera anaiwala kuti kuli mlendo. Anangoona chipewa chakhala bwino pamutu wa munthu, n'kuchitsomphola. Pansi pa chipewacho panali dazi limene mwini wake sankafuna kuti lione dzuwa. Lipoti lake akuti linali la masamba atatu, koma pomaliza anavomera kuti mwana aliyense anayankha molondola.

Musaganize kuti kunyumba kwathu kunali nkhondo. Kabawi wa kusukuluyo akangolowa pachipata ankasanduka nkhuku yonyowa. Wailesi yawo inkakhala kukhitchini kwa amayi, nsapato zawo zabwino zinkapita kuukwati ndi achimwene, mpando wawo unali wa mphaka, iwo n'kumakhala pa kasitulu kuti asamudzutse. Sanadandaulepo. Chinthu chokha chimene sankalola munthu kukhudza ndi njinga yamoto ija, yofiira, imene anagula atapuma pantchito. Makiyi ake ankawamangirira palamba ndi chingwe cha nsapato. M'mawa uliwonse ankaipukuta, kuiliza mpaka agalu a m'dera lonse adzuke, n'kupita pakhonde la telala wina mnzawo pamene madoda opuma pantchito amakumana kuti akonze dziko. Kufika pamenepo pa njinga, chipewa chachitsulo kumutu, ndiwo unali ufumu wawo wotsala.

Ndinapita Loweruka m'mawa. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atagwada, akupukuta masipoko ndi kansanza. Ndinafunsa za msana, za mvula, za mphaka. Anandisiya ndizungulire mpaka nkhani zinandithera.

"Wabwerera makiyi," anatero osadzutsa mutu. "Amayi ako masiku atatu ano akundipatsa nthuli yaikulu. Ndinadziwa kuti kuli mlandu."

"Ababa, timangoti mwina mukanatipatsako kuti tikusungireni..."

"Usandipemphe, iwe. Ukapempha ndikana. Ukapemphanso ndikananso." Anasiya kupukuta. "Ndikakupatsa ndi dzanja langali, Lolemba ndikawauza chiyani anzanga kwa atelala? Kuti ndakalamba? Kuti sindikuona?"

Bambo anaimirira, kansanza m'manja.

"Dzulo ndinadutsa chipata changa chomwe kawiri osachiona," anatero motsitsa mawu. "Ndikudziwa, mwana wanga. Koma kupereka ndiye sindipereka."

Kenako anachita chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. Anamasula chingwe chija palamba, pang'onopang'ono, n'kuika makiyi pachishalo. Anatembenuka n'kuwerama pa tayala lakumbuyo, akulifufuza ngati lataya mpweya, msana wonse atandipatsa ine. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru. Anatsokomola. Nditachedwabe anatsokomolanso, mokweza, ndipo m'pamene nzeru zinandibwerera.

Tsompho! Ndinathawa.

"Wakuba! Mugwireni! Mwana wopanda mwambo iwe, bweretsa makiyi anga!" Mawu aja ankagwedeza mawindo a m'kalasi anali akadalipo. Anandithamangitsa kuzungulira nyumba, kansanza m'manja, mpaka pachipata, ndipo anaonetsetsa kuti pakuwa ayang'ane kumsewu. Aneba anasuzumira pampanda, wina ndi mswachi m'kamwa. Ine, mayi wa ana atatu, ndinathamanga patapata mmodzi atavuka, ndikuseka uku misozi ikutsika, moti sindinkadziwa kuti ndikuchita chiti. Amayi anatuluka pakhonde n'kuyamba kundikalipira nawo, mwaluso ndithu, ngati si iwo anandituma.

Lolemba ndinawaperekeza wapansi kwa atelala. Titafika, asanakhale n'komwe, anayamba kufotokoza. Mmene nkhaniyo inkatha, tinali titawagwira anthu atatu, iwo atagwetsa awiri, ndipo ine ndinali nditawapinda mkono. Madoda aja anapukusa mitu. "Ana a masiku ano," anatero atelala, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi ngati ndapha munthu. Wina anasendeza mpando wake kuti atalikirane nane. Ndinaweramitsa mutu n'kuvomera mlandu wonse, ndipo bambo anapatsidwa mpando wapakati ndi tiyi woyamba.

Pobwerera tinafika pamsewu waukulu masana, magalimoto akudutsa mbali zonse. Bambo anaima m'mphepete, mutu uli chilili, akuyang'ana kutsogolo ngati akuona zonse. Kenako ndinamva dzanja lawo likufufuza mkono wanga. Anaugwira zolimba mpaka kuwawa. Mtima wanga unasweka pamenepo, chifukwa pamsewu womwewo ndi pamene iwo ankandiwolotsa ine popita kusukulu.

"Anzanga aja sakutiona?" anafunsa.

"Sakutiona, ababa."

"Chabwino. Ukaona kuti kwayera, undiuze."