Njinga ya a Zebron

A Zebron Mbewe a ku Zingalume amatchetcha udzu ndi kutunga madzi pa kachipatala ka kutsidya kwa dambo. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo kwa zaka zambiri sanachedwepo kuntchito. Anthu ankati ndi khama, koma chifukwa chenicheni chinali njinga yawo.

Kalekale filiwilo ya njingayo, kachitsulo ka mano kamene tcheni chimakoka kumbuyo, inayamba kuterereka. Msuweni wawo Andreya, wokonza njinga, anangoiwotcherera kuti igwire. Kuchokera pamenepo gudumu likamazungulira, mapedulo nawonso amazungulira. Pamtsetse palibe kupumitsa miyendo. Ukaiwala n'kusiya kupalasa, njinga imakunyamula n'kukutula m'tchire.

Kwathu kuno njinga sakaniza. Wina akufuna kuchigayo, wina kukanena maliro, mwini wake n'kutsala akuyenda pansi. A Zebron nawonso sanakanizepo munthu. Ankangoti, "Tengani," wobwerekayo n'kubwerako akuikankha, bondo lili losupuka. Mapeto ake mudzi wonse unaisiya. A Zebron anaigulira chishalo chofewa, belu, kaliyala yolimba ndi matayala atsopano, koma filiwilo ija sanaikhudze.

Chaka chatha mkamwini wawo Dyson, mnyamata waulemu kwambiri, anagulitsa mtedza n'kuwagulira filiwilo yatsopano kuboma ku Chadiza. Anagwada chapatali, mkazi wake Leah n'kupereka kaphukusiko.

"Atate, akuti miyendo yanu ipumeko," anatero Leah.

Mphatso ya mkamwini sabweza. A Zebron anaomba m'manja kuthokoza, ndipo Dyson anaimanga yekha tsiku lomwelo, anthu akuonerera.

Miyendo sinapume. M'mawa mwake njinga inapita kuchigayo. Itabwerako inapita ku Mlolo kukatenga mbuzi ya chinkhoswe, n'kugona komweko. A Zebron anayamba kudutsa dambo wapansi, n'kumafika kuntchito dzuwa litakwera, amayi a sikelo ya ana atadikira kale pampopi wopanda ndowa. Anamwino anawaitanira pambali.

"A Mbewe, mukachedwanso tifuna munthu wina. Sindikunena mokalipa."

Tsiku limene njinga inagona pakhomo, a Zebron anaikankha kupita nayo kwa Andreya asanaione wobwereka.

"Yaonongeka pati?" anafunsa Andreya, akuzunguza pedulo chambuyo. Inkalira bwino, tiki-tiki-tiki.

"Paliponse ili bwino. Vuto ndi lomwelo."

"Ndiye mukufuna ndiphe chinthu chamoyo? Anzanu amabwera kuno kudzakonzetsa, inu mwabwera kudzaonongetsa. Ukalamba wakuyambirani kumutu, asuweni."

"Muiwotcherere m'kati. Kunjaku kuzioneka kwatsopano, mkamwini wanga, mwana wa eni ake, angakhumudwe."

Andreya anagwira ntchito yaukhondo, moti ngakhale iye mwini sakanaloza pamene anawotcherera. Madzulo ake a Whiteson, oyandikana nawo nyumba, anabwera kudzabwereka kuti akaone fetereza. A Zebron anati, "Tengani, koma yayambanso khalidwe lake lija, musaleke kupalasa." A Whiteson anaseka, poti dzana lomwelo anali ataikwera. Anafika pamtsetse wa kudambo, napumitsa miyendo monga anazolowera, ndipo anakadzuka m'munda wa mbatata wa eni ake. Sanavulale kwenikweni, koma nkhani inafika nyumba iliyonse iwo asanafike kwawo.

Kuyambira pamenepo a Zebron amafikanso kuntchito mame asanaume, ndowa zonse n'kudzaza anamwino asanatsekule chitseko. Zofuna munthu wina pantchitopo zija sizinamvekenso.

Amene nkhaniyi inamupweteka ndi Dyson. Anabwera Lamlungu, nagwada chapatali pamalo ake aja, Leah n'kumulankhulira.

"Atate, akuti pepani, kusitolo anawagulitsa yabodza. Akuti tikakolola adzakuguliraninso ina, yeniyeni."

A Zebron anaomba m'manja kuthokoza. M'mawa mwake popita kuntchito anadzera kwa Andreya, osatsika panjinga, akungozungulira pabwalo poti kuima ndi ntchito.

"Asuweni, kandodo kowotcherera kaja musamalize konse. Mundisungireko ka mwezi wa Juni."