Tinapemphera Mtsinje Uli Pakati

Ndinatsikira ku Malambo, kuchigwa cha Luangwa, m'mwezi wa Okutobala, ndili mkwatibwi wa milungu itatu yokha. Amuna anga ndi sikauti woyang'anira nyama za m'paki, ndipo nthawi imeneyo anali atawapatsa nyumba pa kampu ina m'dera la Malama. Kwathu ndi ku Katete, kumtunda, kumene kamphepo sikasowa ngakhale m'chilimwe. Kuno ndinapeza kutentha kwa mtundu wina. Ukachapa chitenje n'kuyanika, usanamalize kutsuka beseni chauma kale. Amuna anga ankatha masiku teni ali ku patirolo m'tchire, ine n'kutsala ndi nkhuku zitatu ndi wailesi. Anthu ankalankhula Chikunda mothamanga, ndipo akaona kuti ndasokonezeka ankamwetulira n'kusinthira ku Chinyanja pondimvera chisoni. Sindibisa, masiku oyambawo ndinkalira kawirikawiri.

Pakati pa kampu yathu ndi mudzi waukulu panali mtsinje wamchenga. Miyezi yambiri ya chaka sunkaoneka ngati mtsinje n'komwe. Anthu ankakankhamo njinga, ana ankasewereramo mpira, ndipo akazife tinkafukula mchenga n'kumatunga ndi kapu madzi otuluka pansi. Tchalitchi chathu chinali tsidya lija, pansi pa mitengo ya mango: khoma la njerwa zowotcha, denga la malata, mabenchi owumba ndi dothi.

Tsiku lina masana ndili chogwada mumchengamo, kudikira kuti madzi adzaze m'kadzenje kanga, ndinayamba kuimba nyimbo ya kutchalitchi kwathu. Ndinkayesa ndili ndekha. Nditatukula mutu ndinaona mayi wina wamfupi, wojintcha, ataima ndi ndowa m'manja. Ndinkawadziwa nkhope yokha, chifukwa ndiwo ankatsogolera kwaya. Aliyense ankawatchula kuti amake mapasa, ngakhale mapasawo anali atakula kale n'kukalowa ntchito m'maloji ku Chinzombo.

"Mwaswera bwanji, amai a kukampu?"

"Ndaswera bwino, kaya inu amai?"

"Taswera. Nanga mawu amenewo mukuwakwiriranji mumchenga muno? Lachitatu thiri koloko mubwere kutchalitchi. Woyambitsa nyimbo wathu anakwatiwa ku Mnkhanya, tatsala tikungoyang'anana."

Ndinati sindidziwa Chikunda. Iwo anati pakamwa ndili napo, makutu ndili nawo, zinazo adzaona okha. Sanadikire yankho. Anatunga madzi m'kadzenje kanga komweko n'kumapita.

Lachitatu ndinapita. Kwathu kwaya inkaimba ndi kiyibodi ndi zokuzira mawu. Kuno kunali ng'oma ziwiri, visekese, ndi mapazi a anthu. Nyimbo ya Khirisimasi imene tinkakonzekera anaipeka amake mapasa eniake, m'Chikunda, yonena za abusa a nkhosa amene anasiya zoweta zawo kuthengo n'kuthamangira kukaona mwana. Woyambitsa ankaponya mzere yekha, kwaya yonse n'kuvomera. Mawu ena ndinkawapotoza, atsikana n'kugwa nako kuseka mpaka kugwirana mapewa. Poyamba zinkandiwawa. Kenako ndinaona kuti akatha kuseka, mmodzi ankabwera kudzakhala pambali panga n'kumandibwerezera mawuwo pang'onopang'ono mpaka nditawagwira.

Tinkakonzanso sewero la kubadwa kwa Yesu. Mariya anali mtsikana wa giredi naini, Yosefe anali kalipentala wa m'mudzimo, abusa a nkhosa ndi anzeru a kum'mawa anali anyamata ndi abambo a m'kwaya. Wina atabweretsa chidole kuti chikhale khanda, amake mapasa anakana.

"Chidole chimalira? Ambuye anabadwa mwana weniweni, wolira ndi kuyamwa. Tipeze mwana."

Mwanayo anapezeka kukampu kwathu. Mnzanga wa nyumba yoyandikana nafe, mkazi wa sikauti mnzawo wa amuna anga, anali atabereka mwana wamwamuna kumapeto kwa Novembala. Anavomera ndi manja awiri. Za chakudya tinagawana motere: ife a kukampu tiphike mpunga, chifukwa amuna athu ankatha kuugula ku Mfuwe, a kumudzi aphe mbuzi ndi kufulula thobwa. Tonse tidzadyere pamodzi pansi pa mango mapemphero akatha.

Mvula inali itayamba kale, koma mtsinje unkangodutsa timadzi tofika m'kakolo. Pa twente-folo Disembala masana, kumapiri a kum'mawa kunada bii, ziphaliwali zikung'anima, koma kukampu kwathu kunangowaza pang'ono. Ndinayamika Mulungu kuti chitenje changa chatsopano cha kwaya sichidzaona matope. Amuna anga, amene anali atangobwera kuchokera m'tchire, anayang'ana kumapiriko nthawi yaitali.

M'mawa wa Khirisimasi ndikupukuta mapoto, ndinamva mkokomo ngati lole ikubwera chapatali koma yosafika.

"Bambo, kodi kukubwera galimoto?"

"Si galimoto imeneyo, amai. Mtsinje wafika," anayankha amuna anga.

Tinanyamukabe, atavala bwino aliyense, mapoto a mpunga pamutu, khanda kumsana kwa amake. Tinalipo mabanja a kukampu ndi anthu a timidzi tiwiri ta tsidya lathu, mwina anthu fote. Titafika pa doko, tinatula mapoto pansi popanda wotiuza. Pamene dzulo lake panali mchenga, panali madzi ofiira odzaza gombe ndi gombe, akuthamanga ndi zitsa, nthambi, ngakhale mtengo wathunthu ndi mizu yake. Tsidya lija anthu a kumudzi anali atayamba kale kusonkhana, nawonso akutiyang'ana. Ndinawaona amake mapasa atagwira m'chiuno.

Mnyamata wina wa tsidya lathu anayamba kuvula malaya, akuti iye amadziwa kusambira. Amuna anga anamugwira pamkono.

"Mphwanga, vala malaya ako. Madzi otere amabwera ndi ng'ona kuchokera ku Luangwa. Lero ndi tsiku la kubadwa, sitikufuna maliro."

Ine mtima unangoti fwaa. Milungu yonse ija yophunzira, mawu ovuta aja ndinali nditawagwira, ndiye zithere pagombe? Ndinakumbuka amayi anga ku Katete, kuti nthawi imeneyo ali m'tchalitchi ndi ang'ono anga, ndipo misozi inayamba kulengeza. Anthu ena anali atayamba kale kusenzanso mapoto kuti abwerere.

Pamenepo tsidya lija ng'oma inalira. Tinaona anyamata akutuluka m'mitengo atanyamula tebulo la kutchalitchi, ena ng'oma yachiwiri, ena mabenchi a kusukulu. Anaika tebulo pagombe penipeni, n'kuyalapo nsalu yoyera. Akulu a mpingo, bambo wamtali wa imvi amene ankatsogolera mapemphero abusa akakhala kutali, anaima kuseri kwa tebulolo atavala jekete lawo lakuda. Amake mapasa anafika m'mphepete mwa madzi, anakweza dzanja n'kundiloza ine. Anakuwa mawu amene mkokomo unawameza, koma dzanjalo ndinalimva bwino lomwe: yambitsani.

Ndinayang'ana kumbuyo. Oimba a tsidya lathu tinalipo asanu ndi awiri, akazi okhaokha. Ng'oma zonse ndi amuna onse a mawu aakulu anali uko. Ndinatsegula pakamwa, mawu anatuluka ang'onoang'ono, sanafike ngakhale pakati pa mtsinje. Amake mapasa anaika dzanja kukhutu n'kupukusa mutu. Mnzanga wa khanda uja anandigunda ndi chigongono.

"Asisi, imbani ngati mukuthamangitsa njovu m'munda!"

Ndinaseka. Ndinakoka mpweya n'kuponya mzere uja ndi mphamvu zanga zonse. Panapita kamphindi, kenako yankho linabwera kuchokera tsidya lija, lolemera, la amuna ndi akazi pamodzi, ng'oma zikugunda pansi pake. Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinaponya wachiwiri, anavomera. Pofika wachitatu, anthu amene anasenza mapoto aja anali atawatulanso, akuwomba m'manja ndi kuponda. Chifukwa cha kutambalala kwa mtsinje, iwo ankachedwa pang'ono kutiyankha, ifenso tinkachedwa kuwamva, moti nyimboyo inkayenda mopendama ngati ngolo ya gudumu limodzi lophwa. Palibe amene anadandaula. Tinaiimba katatu.

Vuto linabwera pa ulaliki. Akulu a mpingo anatsegula Baibulo n'kuyamba kuwerenga, koma ife tinkangoona pakamwa pakuyenda. Anakweza mawu mpaka kutsokomola, osathandiza. Ndiye amuna anga anaona kuti pakati pa anthu a tsidya lija pali sikauti wa m'mudzi amene ankasunga wailesi ya m'manja, ija masikauti amalankhuliranapo ali kuntchito. Anakambirana ndi mkulu wa kampu, amene analinso nafe pagombepo, ndipo mkuluyo anavomera kuti aigwiritse ntchito kwa kanthawi. Anathamangira kukampu kukatenga yawo, n'kuikweza m'mwamba kuti sikauti wa tsidya lija aone. Posakhalitsa kabokosiko kanayamba kukhosomola, kenako tinamva mawu a akulu a mpingo ali pafupi ngati aima pakati pathu.

Anali asanagwirepo chinthu chotere. Sikauti uja anawauza kuti akamaliza kulankhula azinena kuti "ova". Iwo anamvera ndi mtima wonse.

"Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse a tsidya ilo, ova."

"Ukhalenso ndi inu, ova!" tinayankha tonse, ena akupukuta misozi ya kuseka.

Ulaliki wawo unali waufupi kuposa masiku onse, mwina poopa batire. Anati Mariya ndi Yosefe nawonso sanapeze malo m'nyumba imene ankayembekezera, komabe mwanayo anabadwa. Anati ife lero tasowa njira yolowera m'tchalitchi, koma Ambuye sanakhale m'katimo kudikira kuti madzi aphwe, ali panja pano ndi ife, tsidya ili ndi ilo. Anapempherera odwala, minda yathu kuti njovu ziilambalale, ndi amuna amene anali ku patirolo tsiku limenelo. Pomaliza anati, "Ameni, ova." Mpaka lero m'nyumba mwathu mwana akamaliza kupempherera chakudya, pamapezeka wina wonong'ona mawu amenewo.

Kenako wailesi inalankhula ndi mawu a amake mapasa.

"Amai a kukampu, mukundimva? Mariya ndi Yosefe tili nawo kuno, mwana muli naye uko. Tichita bwanji?"

Tinayang'anana. Ndinayang'ana mnzanga uja atakhala pa chitsa akuyamwitsa, amuna ake ataima pambali pake ndi ambulera kumutchingira dzuwa. Ndinapempha wailesiyo kwa amuna anga.

"Amai, Mariya ndi Yosefe aliponso kuno. Inu tumizani abusa a nkhosa ndi anzeru a kum'mawa afike pagombe."

Tinamufunditsa mnzangayo chitenje chabuluu kumutu. Amuna ake anakana kaye, akuti sadziwa mawu a m'sewero, koma tinawauza kuti Yosefe ntchito yake ndi kuima chabe. Anaima chilili ngati ali pa pelete, atavala magambutsi. Modyera ng'ombe munalibe, choncho tinakhuthula mbale m'beseni lina, tinayalamo nsalu n'kugonekamo mwana. Tsidya lija abusa anabwera ndi ndodo zawo, anzeru atavala zisoti za makatoni, onse anagwada m'matope moyang'ana kwa ife n'kukweza mphatso zawo m'mwamba. Mtsikana wa giredi naini uja, amene anataya udindo wake tsiku limenelo, anagwada nawo limodzi, ndipo pambuyo pake tinamva kuti analira pang'ono. Bambo a mwana ananyamula beseni n'kulikweza kuti a tsidya lija aone. Mwanayo anadzidzimuka n'kulira kwambiri, amuna anga n'kuyandikitsa wailesi pakamwa pake. Tsidya lonse lija linaphulika ndi nthungululu.

Mapemphero atatha, njala inatipeza tili ndi mpunga wopanda ndiwo, iwo ali ndi mbuzi yopanda mpunga. Utsi wa nyama unkawoloka mtsinje bwinobwino kudzatizunza. Ana tinawapatsa mpunga ndi mango, koma akuluakulu tinagwirizana kudikira. Amuna anga anazika kamtengo m'mphepete mwa madzi, ndipo tinkapita kukakaona mobwerezabwereza. Mitsinje ya kuno imadzaza msanga, imaphwanso msanga. Pofika wani koloko madzi anali atakasiya kamtengoko pouma. Cha m'ma thiri koloko mchenga unayamba kuonekera pakati. Masikauti atatu analowa ndi ndodo zazitali, akufufuza pansi ndi kuyang'ana uku ndi uku, ndipo anapeza kuti madzi akulekeza m'mawondo. Anamanga chingwe ku mtengo wa tsidya lino ndi wa tsidya lija, iwo n'kuima m'madzimo motalikirana.

Tinawoloka mmodzimmodzi, dzanja lina pachingwe, lina papoto. Khanda linawoloka ndi bambo ake, lili pamwamba pa mutu m'beseni lomwe lija. Chitenje changa chatsopano chinafika tsidya chili chofiira mpaka m'mawondo. Ndisanatule n'komwe poto, amake mapasa anandikumbatira, mpunga n'kutsala pang'ono kutayika. Anandilankhula m'Chikunda, mawu ambirimbiri othamanga, ndipo sanasinthire ku Chinyanja. Ndinamva mwina theka. Ndinawayankha m'Chikunda changa chothyokathyoka, atsikana a kwaya n'kuyambanso kuseka.

Mpunga unali utazizira, nyama inali itapsa mopitirira, koma m'mapoto simunatsale kanthu. Akulu a mpingo anazungulira gulu lonse akugwira chanza aliyense wa tsidya lathu ngati tachokera ku Lusaka. Sitinakhalitse, chifukwa kumapiri kunayambanso kuda ndipo amuna anga anati tiwoloke isanakwane faifi koloko. Tili pagombe, amake mapasa anandipatsa kamwendo ka mbuzi atakakulunga m'masamba a nthochi, akuti ndikawaphikire masikauti aja ali m'tchire akabwera. Tinafika kukampu madontho oyamba akugunda pamalata, ndipo ndinathamangira kukatsekera nkhuku.