Mapale a Ufulu pa Lole ya Thonje

Tinanyamuka pa kasukulu kathu ka mishoni, kuseri kwa Kasupe, Lachisanu dzuwa likungotuluka. Inali nthawi ya Chitaganya. Ine, mphunzitsi, ndinali nditatchena taye ndi thalauza loyera mbee, ndipo pambuyo panga pankabwera Abiti Mdala, mayi woumba mbiya wa m'mudzimo, atasenza dengu lalikulu.

M'dengumo munali mapale a dongo, aphwatalala ngati buku. Mnzanga wina wophunzitsa ku Balaka ndiye anayambitsa nzeruyi: ana ake ndi anga aumbe mapale, aliyense ajambulepo chinthu chimodzi choyenera munthu aliyense, kenaka tiwamate pakhoma la sukulu yake loyang'ana kumsewu. Abiti Mdala anaphunzitsa ana anga kuponda dongo, nawaotchera mapalewo, n'kuwalongedza m'udzu. Esinati anajambula mtsikana ali pasukulu. Wina anajambula munthu akukana kukwapulidwa. Yusufu anaumirira kuti ufulu waukulu ndi kudya mango osafunsidwa, ndipo ndinalephera kumutsutsa. Ndinalonjeza ana onse kuti palibe phale la munthu lidzasweke. Mtima unali m'mwamba, pakuti ana a ku Kasupe saiwala lonjezo.

Phale langa, loti likhale pamwamba pa onse, ndinalembapo kuti ANTHU ONSE NDI OFANANA. Limenelo sindinalole kuti lisakanikirane ndi a ana. Ndinalikulunga m'nyuzipepala n'kuliika m'thumba la jekete.

Cha m'ma eyiti tinapeza lole ya mmwenye ikupita ku Balaka ndi thonje. Dalaivala anati sheleni imodzi munthu. Atayang'ana taye yanga, ananditsegulira chitseko cha kutsogolo. Atayang'ana Abiti Mdala, analoza pamwamba pa matumba. Ndinalowa osaganiza n'komwe. Mayiwo anakwera ndi dengu lawo, nakakhala pakati pa agogo ena awiri ndi tonde wonunkha amene anamangidwa mwendo umodzi.

Msewu wotsikira ku Liwonde unali mabampu okhaokha. Ine ndinkafotokozera dalaivala za ufulu wa munthu, iye akungoti "Eya, bwana" uku akutafuna nzimbe. Kumbuyo kunkamveka chiphokoso ndi mawu a Chiyao amene sindingawalembe pano. Ndinamva pambuyo pake kuti tondeyo anatulukira kuti m'dengu muli udzu, ndipo anayamba kuudya pang'onopang'ono. Abiti Mdala anamenyana naye mtunda wonse, dzanja lina pa nyanga, lina pa dengu. Udzu utatha, anasolola thonje la mmwenye n'kumatsendera pakati pa mapale.

Tinafika pa Shire dzuwa lili paliwombo. Pantoni inayamba yawolotsa galimoto ya mzungu imene inafika pambuyo pathu, ife n'kumadya chinangwa chootcha ndi thobwa la tiki. Apo mesenjala wa boma anabwera n'kufunsa za m'dengu. Masiku amenewo mawu oti ufulu ankagonetsa munthu kupolisi.

"Ndi mapale okazingira chimanga, achimwene," anatero Abiti Mdala, nkhope ili phee.

Mesenjalayo anatola la munthu wokana kukwapulidwa, nalitembenuza uku ndi uku, n'kunena kuti nkhuku yajambulidwa bwino koma miyendo yatalika. Ndinathokoza Mulungu kuti ana anga sankadziwa kujambula.

Titawoloka, lole inagwera m'dzenje lina cha ku Kalembo, ine n'kudziwombetsa pachitseko. Ndinamva kuti thyo m'nthiti, ndipo ndinapemphera kuti ikhale nthiti ndithu.

Ku Balaka tinafika cha m'ma folo, fumbi mpaka m'makutu. Mnzanga uja anali atasonkhanitsa ana ake, mmisiri womanga ali chire ndi matope. Abiti Mdala anatulutsa mapale limodzilimodzi, lililonse akuligogoda ndi chala monga amachitira ndi mbiya pamsika, ndipo onse analira bwino, ngakhale la mango lomwe. Ndinapuma ngati ndatula mtolo, chonsecho wosenza sindinali ine.

Kenaka anthu onse anatembenukira kwa ine. Ndinapisa m'jekete, n'kutulutsa nyuzipepala yodzaza zidutswa. Chimene chinkawerengeka chinali ONSE basi. Manyazi anandigwira, ana a ku Balaka akuseka mpaka kugwirana mapewa.

Mmisiri anali atasiya kale danga pamwamba pa khomalo, ndipo anafunsa kuti atsekepo ndi njerwa kapena tiumbe lina. Ine ndinkafuna njerwa, msangamsanga.

"Iyayi, pasiyeni choncho," anatero Abiti Mdala akuchotsa ubweya wa mbuzi pansalu yawo. "Ana akafunsa kuti la aphunzitsi lili kuti, aphunzitsiwa awauze kuti iwo anakhala pati m'lole, nanga ine ndinakhala pati."

Dangalo linatsala. Lolemba ndinaimirira pamaso pa ana anga, n'kuwauza kuti mapale awo onse ali pakhoma, kenaka ndinafotokoza za langa osabisa kanthu. Miyezi itatu ndinali nditakamba za kufanana kwa anthu, ana akungoyasamula. Tsiku limenelo palibe anayasamula. Esinati anakweza dzanja n'kufunsa ngati kutsogolo kwa loleyo kunalibe malo a anthu awiri.

Malo analipo.