Kapu Yosweka ya ku Kanjedza

A Lucius Nampuntha ankadzuka tambala asanatsike mumtengo. Ankagwada pamphasa kupemphera, kumwa tiyi wopanda mkaka, n'kutuluka m'nyumba mwawo ku Manja nsapato zitapachikidwa pakhosi kuopa mame. Makolo awo anali Alomwe ochokera kudziko la Apwitikizi, koma iwo anabadwira kuno. Ntchito yawo kukampani ya magetsi inali yoyenda pansi pa mawaya, kuchokera ku Limbe kudutsa m'nkhalango ya Kanjedza. Akafika papolo ankayang'ana kumwamba, kenaka n'kuima chete kumvetsera. Ankati waya wodwala amadandaula m'mawa, dzuwa lisanaumitse zinthu.

M'chaka cha 1959 boma linagwira anthu ambiri a Kongeresi n'kuwatsekera kumpanda wa Kanjedza. Mwa ogwidwawo munali a Laban, mchimwene wa akazi awo, mayi Ida. Mawaya amene a Lucius ankayendera ndi omwe ankayatsa nyale zazikulu zozungulira mpandawo.

Itafika nyengo ya chiperoni, magetsi a kumeneko anayamba mwano. Nkhungu ikatsika m'bandakucha, fyuzi inkapsa, nyale zonse n'kuzima. Dzuwa likatuluka amisiri ankaika ina, magetsi n'kuyaka bwinobwino ngati palibe chinachitika. Ena ankati ndi nthambi za bulugamu, nazidula. Ena ankati ndi mileme. Kapitawo ankangolalata.

Tsiku lina mayi Ida anawayandikira amuna awo akutsuka mapazi.

"Abambo, alamu anga a Jenifer amva mawu a amuna awo, achimwene."

"Awamva kuti?"

"Pampanda. Nyale zikazima, azimayi otola nkhuni amasendera pafupi m'nkhungumo. Aliyense amaitana wake. Achimwene afunsa ngati mwana wayamba kuyenda." Anatsitsa mawu. "Anthu akuti ndi dzanja la Mulungu. Inu musalowererepo."

A Lucius anangoti, "Ndamva."

Chimene sanawauze n'chakuti vutolo anali atalipeza kale. Papolo ina m'mphepete mwa njira ya otola nkhuni, anamva kuthetheka ngati mafuta m'chiwaya. Kapu yadothi imene imagwira waya pamwamba pa polo inali ndi mng'alu wochepa ngati tsitsi. Kukauma inkagwira ntchito. Kukanyowa, madzi ankalowa mumng'alumo, moto n'kutsika ndi polo mpaka pansi. Anadziwa, koma anakhala chete. Kapitawo akafunsa ankayankha kuti, "Tikufufuzabe, bwana," maso ali pansi. Kutchalitchi ankalephera kuimba. Kunama sanakuzolowere.

Kenaka m'mawa wina anapeza mbuzi yakufa patsinde pa polo ija, mwendo utakola waya wokoka polo. Udzu wozungulira unali wowauka. Pafupi pomwepo panali mapazi a anthu m'matope, osavala nsapato, ena aang'ono. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Anaganiza zomangirira minga kuti anthu azilambalala, koma m'nkhungu ndani amaona minga? Masana omwewo anakanena kwa kapitawo. Magetsi anazimitsidwa, iwo eni anakwera n'kuchotsa kapuyo, n'kuikapo yatsopano. Yosweka ija anaiponya m'thumba.

Kuyambira tsiku limenelo nyale za kumpanda sizinazimenso.

Nkhani simachedwa ku Manja. Pampopi azimayi ankasiya kulankhula iwo akamadutsa. Bambo wina wopala matabwa anawafuulira ali pakhonde, kuwatcha dzina la nduna yaikulu ya Chitaganya: "Mwaswera bwanji a Welensike aang'ono? Atikonzerenso dzuwa liziwala usiku!" Anthu anaseka. A Jenifer anasiya kubwera kunyumba, ndipo Lamulungu kutchalitchi ankakhala pabenchi ina. Mayi Ida sanawakalipire amuna awo. Ankawaikira madzi osamba monga kale, koma mawu akuti "mwayenda bwanji" anasowa pakamwa pawo kwa miyezi.

Za mbuzi ija anawauza akazi awo okha, ndipo kamodzi kokha.

"Bwenzi ali a Jenifer amene agwidwa ndi magetsi," anatero.

"Mwina," anayankha mayi Ida. "Koma sanagwidwe."

A Lucius sanabwerezenso. Akafuna kudziteteza ankakumbukira kuti kapitawo anawagwira paphewa kuwayamikira pamaso pa anzawo, ndipo iwo anamwetulira. Kumwetulira kumeneko n'kumene kunkawachititsa manyazi koposa. Anayamba kudzera njira yakuseri popita kuntchito, yunifomu itakulungidwa m'pepala.

A Laban anatuluka chaka chotsatira, ataonda, mwana wawo akuthamanga kale. Abale anasonkhana kukawalandira. A Lucius anapita nawo, nakhala kumbuyo pafupi ndi khola la nkhunda. Anthu atachepa anasendera, chipewa chili m'manja.

"Alamu, kunyumba ndasunga kanthu. Ndi kakapu chabe kadothi. Mukapeza mpata mudzabwere mudzakaone, mudzakagwire ndi manja anu. Mukatero mudzanene chimene mungandinene."

A Laban anawayang'ana, kenaka anatembenukira kwa mlendo wina amene ankawapatsa moni.

A Lucius anagwirabe ntchito yawo mpaka Chitaganya chinatha, akuyenda pansi pa mawaya ndi kumvetsera mapolo. Kapu ija inakhala pawindo, mng'alu utaloza kukhomo, ndipo mayi Ida ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse. Munthu akagogoda Lamulungu masana, a Lucius ankayamba aiyang'ana kaye asanakatsegule, poganiza kuti mwina ndi a Laban. Kuchokera kwa a Laban kukafika kwawo unali mtunda woti phala silingazizire m'manja.