Puloti Imene Ndinataya Ndili ku Al Barsha

Ntchito ya ku Dubai anandipezera ndi a Tembo, bambo wa ku Chipata amene tinkapemphera limodzi ku Lilongwe asanapite kunja. Kampani yawo yoyeza malo inkafuna munthu wonyamula zida. Nditangofika, pasipoti yanga anaitsekera mu ofesi, monga ankachitira ndi aliyense zaka zimenezo.

Tinkagona ku Ras Al Khor n'kumagwira ntchito ku Al Barsha, komwe nthawi imeneyo mbali yaikulu inali mchenga wokhawokha. Kapitawo wathu, a Iqbal, ankaima pa makina oyezera a miyendo itatu. Ine ndinkayenda ndi ndodo ya prizimu, kagalasi kamene makinawo amaloza. Ndodoyo imafunika kuima chilili, kathovu ka pa levulo kali pakati penipeni. Iwo akakweza dzanja, ndinkakhoma chikhomo ndi hamala n'kuchipaka penti yofiira.

Ku Lilongwe ndinasiya puloti imene malemu bambo analembetsa m'dzina langa. Munthu wina, a Gondwe, anali atamangapo kanyumba kalekale osapempha aliyense. Ife tinkati pepala la umwini tili nalo, tidzawachotsa tikadzafuna kumanga.

Tsiku lina masana mlongo wanga Etta anaimba pa foni ya a Tembo.

"Achimwene, ndikuchokera kwa loya. Akuti munthu akakhala pamalo poyera, popanda chilolezo, mwini wake osamusumira, zikakwana zaka khumi ndi ziwiri akhoza kupempha kuti malowo akhale ake. A Gondwe zaka zawo zikukwana mwezi wamawa. Wosuma ndinu, chifukwa dzina ndi lanu."

Ndinabwerera pa ndodo, koma kathovu kankangothawira uku ndi uku.

"Yalla, fulumira, ndodo yako ikuvina," anatero a Iqbal.

Ndinaigoneka pansi, n'kupita kukawagwadira pamchenga wootchawo. Ndinapempha sabata imodzi yokha yoti ndikasume ku Lilongwe. Ndinawauza kuti pulotiyo ndi chokhacho chimene bambo anatisiyira, ndipo Etta ndi ana ake akukhala pa lendi.

"Pasipoti siili kwa ine, ndipo tchuthi n'chaka chikatha. Khalas, basi, dzuka, upsa maondo."

Madzulo ndinapita ku ofesi. Bwana wamkulu anandimvetsera akuyang'ana pa kompyuta, n'kungoti inshallah, Mulungu akalola.

A Tembo anandipeza nditakhala kuseri kwa galimoto. "Osalila, mufana. Tizalemba pepala yopasa sisi wako mphamvu, asume ndiye."

Pepalalo tinalemba, koma linkafunika zidindo za maofesi angapo, ndipo tsiku langa lopuma linali Lachisanu, maofesi onse atatseka. Ndinkachonderera kuti andimasule m'mawa, akalola ndinkathamangira basi n'kukapeza mzere wautali. Pamene pepalalo linkafika ku Lilongwe, nthawi inali itadutsa. A Gondwe anabweretsa anthu oyandikana nawo kudzachitira umboni, anaonetsanso mitengo ya mango imene anabzala okha, ikubereka. Khoti linawapatsa malowo.

Etta ndiye anandiuza zimenezi. Mawa lake ndinadzuka kukakhoma zikhomo pa malo a eni.

Lero ndimayeza malo kuno kwathu. Aliyense amene ndamuyezera, ndikamaliza kumuonetsa malire ndimamuuza kuti pepala silidzamulondera. Azipitako yekha, ndipo akapezapo munthu, asadikire kuti mango ake abereke.